Magetsi akazima ndege ili m'mwamba, kodi imagwa?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti anali m'ndege usiku, mwadzidzidzi masikirini onse anathima, nyale zambiri n'kuzima, chakudya chotentha osabweranso. "Mtima unali phaphapha mpaka potera. Kodi tikanagwa?"

Mayi, pepani ndi mantha amenewo. Koma zimene munaonazo kawirikawiri zimachitika mwadala. Injini iliyonse imazunguza jenereta yake. Jenereta imodzi ikafa, ndege imadula yokha zinthu zosafunikira kwenikweni, kuyambira ndi mauvuni a kukhitchini ndi makanema, kuti mphamvu yotsalayo ipite ku zida za oyendetsa. Kenako oyendetsawo amayatsa APU, kainjini kakang'ono kokhala kumchira, kamene kali ndi jenereta yakeyake.

Nanga majenereta onse akafa? Pa Airbus A320, kachitseko kamatseguka kunsi kwa ndege, n'kutuluka kachipangizo konga fani kotchedwa RAT. Mphepo yokhayo imakazunguza, ndipo kamapereka mphamvu yokwanira kuwongolera ndege. Palinso mabatire, opangidwa kuti asunge zida zofunikitsitsa kwa mphindi 30 kapena kuposa. Dziwaninso kuti injini sizizima chifukwa choti magetsi athima: zimayendera mafuta, ndipo pa ndege zamakono kompyuta ya injini ili ndi kajenereta kake.

Zinaonekapo. Mu 1983 Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta m'mwamba, injini zonse ziwiri zii! RAT inatuluka, ndegeyo n'kukatera ku Gimli, m'dziko la Canada, popanda womwalira. Mu Januwale 2008, Boeing 747 ya Qantas ikuyandikira Bangkok, madzi a kukhitchini anadonthera pa zida zolamulira majenereta chifukwa paipi yotayira madzi inatsekeka ndi ayezi. Tangoganizani, madzi wamba! Mbali yaikulu ya magetsi inafa, koma inatera bwinobwino.

Chimene ineyo chimandidetsa nkhawa, ndiponso chimene oyendetsa sachitengera chibwana, ndi utsi. Pa 2 Seputembala 1998, moto umene ofufuza anaugwirizanitsa ndi mawaya othetheka unabuka kudenga kwa ndege ya Swissair 111. Unafalikira mobisika, kuwononga zida chimodzichimodzi, mpaka ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi chigawo cha Nova Scotia ku Canada. Anthu onse 229 anafa. Chichitikire ngoziyo, oyendetsa amaphunzitsidwa kuti utsi wosadziwika gwero lake usawachedwetse: avale zopumira, azimitse magetsi okayikitsa, ndipo alunjike pa bwalo lapafupi.

Ndiye mayi, ulendo wina kukada chonchi, khalani pampando, mangani lamba, musiye ogwira ntchito achite zawo. Koma mukamva fungo la pulasitiki wopserera, kapena foni yanu ikatentha modabwitsa, musachite manyazi. Dinani batani loitanira, muwauze nthawi yomweyo ndi kuwalozera pamene fungolo likuchokera. Foni ikagwera m'kati mwa mpando, musausunthe mpandowo, chifukwa batire ikaphwanyika imatha kuyaka.