Mafunso Anu: Dikoni, Wansembe, Episkopi, Mbusa: Wamkulu Ndani?

FUNSO: Akonzi, timamva za dikoni, wansembe, monsinyo, episkopi, arkiepiskopi, kadinala ndi papa. Kodi awa ndi maudindo asanu ndi awiri oti munthu amakwera umodzi ndi umodzi mpaka kukafika pamwamba?

YANKHO: Ayi ndithu. Mu mpingo wa Katolika, wa Orthodox ndi wa Anglican maudindo odzozedwa alipo atatu okha: dikoni, wansembe ndi episkopi. Mayina ena onsewo amanena za ntchito imene munthu wapatsidwa kapena ulemu umene walandira. Ngakhale papa ndi episkopi, episkopi wa Rome, ndipo palibe kudzoza kwachinayi kumene amalandira.

Atatuwa ndi akalekale. M'buku la Machitidwe, mutu 6, atumwi anasanjika manja pa amuna 7, mmodzi mwa iwo Stefano, kuti aziyang'anira chakudya cha amasiye. Ambiri amati udikoni unayambira pamenepo. M'kalata yopita kwa Tito, mutu 1, Paulo akutchula mkulu ndi woyang'anira (ndiye kuti episkopi) ngati munthu mmodzi. Koma pofika cha m'ma 110, makalata a Ignatius wa ku Antioch akuonetsa kale episkopi mmodzi mumzinda, akulu (ndiwo ansembe) atamuzungulira, madikoni akumutumikira.

Kusiyana kwawo kuli pa zimene aliyense angachite. Kwa Akatolika, dikoni amabatiza, amadalitsa ukwati, amawerenga Uthenga Wabwino, amalalikira ndi kutsogolera mwambo wa maliro, koma sachita Misa, samvetsera kulapa, sadzoza odwala. Wansembe amachita zonsezi. Episkopi yekha ndiye amadzoza dikoni, wansembe kapena episkopi mnzake.

Malamulo a mpingowu a mu 1983 amatchulanso zaka. Dikoni amene akupita ku unsembe akhale ndi zaka zosachepera 23, wansembe 25, ndipo pakati pa kudzoza kuwiriko papite miyezi 6. Episkopi akhale ndi zaka 35 kapena kuposa, atatumikira ngati wansembe zaka 5. Akakwanitsa zaka 75 amalemba kalata yopempha kupuma, papa n'kuona ngati aivomereze nthawi yomweyo kapena amusiye atumikirebe.

Mukafuna kuwazindikira paguwa, yang'anani sitola, nsalu yaitali yopapatiza ija. Dikoni amaikoleka paphewa la kumanzere, n'kuidutsitsa pachifuwa, n'kukaimanga m'chiuno kumanja. Wansembe amaikoleka m'khosi, mbali zonse ziwiri n'kulendewera kutsogolo. Episkopi amaonjezera mphete, mtanda wa pachifuwa, chisoti chosongoka ndi ndodo yaubusa yopindika kumutu.

FUNSO: Nanga kadinala ndi arkiepiskopi amalamula maepiskopi anzawo?

YANKHO: Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Arkiepiskopi amatsogolera dayosizi yaikulu ya m'chigawo, ndipo amayang'anira ngati chikhulupiriro ndi mwambo zikusungidwa m'madayosizi oyandikana nawo. Akaona cholakwika amauza papa. Sangasamutse wansembe wa dayosizi ina, sangakhudze chuma chake. Episkopi aliyense ndi mwini nkhani m'dayosizi yake. Chizindikiro cha arkiepiskopi wotere ndi paliyamu, kansalu koyera ka ubweya wa nkhosa kokhala ndi timitanda takuda, kamene papa amadalitsa pa 29 June, tsiku la Petro ndi Paulo.

Kadinala ntchito yake yaikulu ndi kulangiza papa ndi kusankha papa watsopano. Mu 1059 Papa Nicholas II anaika chisankhochi m'manja mwa makadinala pofuna kuchichotsa kwa mafumu ndi mabanja olemera a ku Rome amene ankalimbirana mpandowo. Mu 1179 mpingo unakhazikitsa lamulo loti wopambana apeze magawo awiri mwa magawo atatu a mavoti, chifukwa mavoti akasiyana pang'ono mbali yolephera inkangodziikira papa wakewake. Mu 1970 Papa Paul VI analamula kuti kadinala wokwanitsa zaka 80 asavotenso. Amene anasankha Papa Leo XIV pa 8 May 2025 anali makadinala 133.

Za monsinyo n'zachidule: ndi dzina laulemu chabe, mwini wake ndi wansembe ngati anzake. Kuyambira mu 2014, wansembe wa dayosizi salilandira asanakwanitse zaka 65.

FUNSO: Ine kwathu kutchalitchi kulibe episkopi. Tili ndi abusa, akulu a mpingo ndi madikoni. Mnzanga akuti ndiye kuti mpingo wathu ulibe mutu. Zoona?

YANKHO: Mnzanuyo akuyeza mpingo wanu ndi muyeso wa mpingo wina. Ulamuliro ulipo, kungoti suli pa munthu mmodzi. Mu 1541 John Calvin anakonza mpingo wa ku Geneva ndi maudindo anayi: abusa, aphunzitsi, akulu ndi madikoni. Ankawerenga mutu womwe uja wa kalata ya Tito n'kunena kuti mkulu ndi episkopi ndi udindo umodzi. John Knox anatengera maganizo amenewa ku Scotland, kumene mpingo unasintha mu 1560, ndipo mipingo ya Presbyterian inachokera kumeneko.

Ntchito zimene episkopi amagwira yekha, kuno zimagwiridwa ndi mabwalo. Mbusa ndi akulu ake amapanga seshoni ya pa mpingo. Mipingo ingapo imapanga presibitale, ndipo ndi bwalo limeneli limene limayesa wophunzira zaubusa, kumudzoza, kumukhazika pa mpingo ndi kumuzenga mlandu akalakwa. Pamwamba pake pali sinodi kapena msonkhano waukulu. Modereta ndi wapampando wa bwalo lotere kwa nthawi yochepa. Ku Church of Scotland amakhalapo chaka chimodzi basi, n'kutula.

Chenjerani ndi dzina la dikoni. Kwa Akatolika dikoni ali m'gulu la atsogoleri odzozedwa ndipo amatumikira paguwa. Kwa a Presbyterian ndi a Baptist nthawi zambiri ndi membala wosankhidwa kuti aziona za chopereka, odwala ndi osauka. Dzina ndi limodzi, ntchito n'zosiyana.

Ife timati dongosolo lililonse lili ndi pofooka pake. Episkopi akakhala wouma mtima, wansembe wolakwiridwa amavutika kupeza kokadandaula. Mabwalo nawo amachedwetsa nkhani, ndipo akagawanika mpingo umang'ambika pakati. Choopsa kuposa zonsezi ndi mtsogoleri amene wadzipatsa yekha dzina la bishopu kapena mtumwi popanda womuyesa kapena womuchotsa. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325 unaliona kale vuto limeneli, n'kulamula kuti episkopi adzozedwe ndi maepiskopi osachepera atatu. Kwa Akatolika pamafunikanso chilolezo cha papa. Arkiepiskopi Marcel Lefebvre atadzoza maepiskopi anayi ku Écône, m'dziko la Switzerland, mu 1988 popanda chilolezocho, iye ndi anayiwo anachotsedwa mu mpingo. Mukamva dzina lalikulu, funsani kuti anamusanjika manja ndani, amawerengera chuma cha mpingo pamaso pa yani, ndipo akalakwa angamuimitse ndani.

FUNSO: N'chifukwa chiyani abusa amakwatira koma ansembe ayi? Kodi ndi Baibulo likuletsa?

YANKHO: Baibulo sililetsa. Petro anali ndi apongozi, ndipo 1 Timoteo mutu 3 akuti woyang'anira akhale mwamuna wa mkazi mmodzi. Mpingo wa Katolika nawo umavomereza kuti kusakwatira kwa ansembe ndi lamulo la mpingo, lotsamira pa chitsanzo cha Yesu ndi malangizo a Paulo mu 1 Akorinto mutu 7. Linakula pang'onopang'ono, ndipo msonkhano wachiwiri wa ku Lateran mu 1139 unagamula kuti ukwati wa wansembe si ukwati konse. Martin Luther analikana lamuloli, n'kukwatira Katharina von Bora mu 1525, ndipo mipingo ya Chiprotestanti inatsata njira yomweyo.

A Orthodox ali pakatikati. Mwamuna wapabanja angathe kudzozedwa unsembe, koma ukwati ubwere kudzoza kusanachitike. Akadzozedwa ali mbeta sakwatiranso, ndipo maepiskopi amasankhidwa pakati pa osakwatira okha, monga unakhazikitsira msonkhano wa ku Trullo mu 692. Mipingo ya kum'mawa imene ili pansi pa papa ilinso ndi ansembe apabanja. Ndipo kuchokera pa msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, mwamuna wapabanja angakhale dikoni wa moyo wonse, bola akhale ndi zaka 35 ndipo mkazi wake avomere.