"Kuno ku Leeds ndasanduka mwana, ndiyambire pati?"

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene wangofika kumene ku Leeds, mzinda wa ku England, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndaifupikitsa: "Kwathu ku Zomba ndinali munthu wodziyendetsera zinthu, koma kuno ndasanduka mwana. Kubanki andibweza ati ndilibe umboni wa komwe ndikukhala. Basi inandidutsa ndili chiimire pa siteji. Lamlungu madzulo ndinapeza sitolo atatseka. Tsiku lopuma limangotha ndisanachite kanthu. Ndiyambire pati?"

Achemwali, takulandirani, ndipo pepani. Yambirani pa adiresi. Kwathu zinthu zimayenda chifukwa anthu amakudziwa: wa pa hokala amakukongoza shuga poti amadziwa amayi ako, amfumu amakulembera kalata poti anakuona ukukula. Kuno palibe amene akukudziwani, ndiye chimene chimakuyankhulirani ndi pepala lokhala ndi dzina lanu ndi nyumba imene mukugona. Postcode yanu, zilembo ndi manambala a kumapeto kwa adiresi, ilowezeni pamtima lero lomwe, chifukwa adzakufunsani kuchipatala, kubanki, ngakhale poitanitsa katundu.

Vuto n'lakuti banki imafuna bilu ya magetsi kapena ya khonsolo ya m'dzina lanu, pomwe mlendo wogona m'chipinda cha lendi alibe bilu iliyonse. Musalimbane nawo. Pitani kaye mukalembetse kwa GP, dokotala wa m'dera lanu. Ku England kulembetsa n'kwaulere, ndipo malamulo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, amati safunika kukuumirizani umboni wa adiresi kapena mapepala a viza. Mukalembetsa mumalandira kalata ya nambala yanu ya NHS, yokhala ndi dzina ndi adiresi yanu. Ina imabwera mukafunsira nambala ya National Insurance, ya zantchito ndi msonkho, ngati simunapatsidwe kale limodzi ndi viza. Pemphaninso abwana anu kalata yonena kuti mukugwira kwa iwo ndipo mukukhala pakutipakuti. Mabanki amasiyana pa zimene amalandira, choncho onani mndandanda wawo pa intaneti musanawononge ndalama ya basi. Anzathu ambiri amayamba ndi mabanki a pa foni monga Monzo kapena Starling: mumajambula pasipoti, n'kudzijambula kavidiyo, khadi n'kukupezani pakhomo.

Apa ndikuchenjezeni, ngakhale simunafunse. Akaunti ikatseguka, pamapezeka wina, mwinanso Mmalawi mnzanu wa mawu okoma, wopempha kuti ndalama zake zingodutsira mwa inu. Kanani. Ndalamazo zikakhala zakuba, banki imatseka akaunti yanu, mlandu n'kukhala wanu, ndipo viza yanu ndi imene imalowa m'mavuto.

Za Lamlungu si tsoka lanu, ndi lamulo la mu 1994. Ku England ndi ku Wales masitolo akuluakulu amaloledwa kutsegula maola 6 okha tsikuli, ndipo ambiri amatseka 4 koloko kapena 5 koloko. Timasitolo tating'ono timatsegulabe mpaka usiku koma mitengo yake ndi yokwererapo. Zogula za sabata kaguleni ku Aldi kapena ku Lidl, mutanyamula chikwama chanu chifukwa jumbo ndi yogula, komanso khobidi la £1 lomasulira ngolo yoikamo zogula. Chakumadzulo masitolo ambiri amamata timapepala tachikasu pa zakudya zimene masiku ake atsala pang'ono kutha. Musachite nazo manyazi, eni dziko amathamangira zomwezo. Nyama yotere mukangofika iponyeni mufiriza. Makina odzilipirira nokha akayamba kulira, ingoimani, wantchito abwera. Amalirira aliyense.

Ufa mukaupeza m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a amwenye, kawirikawiri wochokera ku South Africa monga Iwisa. Yang'anani polembedwa maize meal. Cornflour ndi wokhuthalitsira msuzi, nsima siingatuluke. Kuno ku Leeds yendaniko ku Kirkgate Market, kuli nsomba, nyama ndi masamba. Masamba otchedwa kale ndi spring greens amalowa bwino m'malo mwa lepu, ndipo mukathira chiponde chopanda shuga mwadya zotendera.

Basi ija inakudutsani chifukwa simunaikwezere mkono. Kulibe kondakitala wokuitanirani, ndipo dalaivala akaona munthu wangoima amayesa akudikira nambala ina. Polowa mumagunditsa khadi la kubanki pa kamakina, potsika mumadina belu musanafike pa siteji yanu. Kuyambira Januwale 2025 boma linaika malire a £3 pa ulendo umodzi m'mabasi ambiri a ku England kunja kwa London, koma ngati mumakwera tsiku lililonse funsani za tikiti ya sabata. Mukadzapita ku London dziwani kuti mabasi akumeneko anasiya kulandira ndalama ya m'manja mu 2014.

Mankhwala nawo ali ndi zake. Panado kuno mufunse kuti paracetamol, ndipo musitolo sakugulitsani mapaketi oposa awiri nthawi imodzi. Maantibayotiki sagulidwa ngati maswiti, mpaka alembe ndi dokotala kapena wa ku famase, ndipo ku England mumalipira £9.90 pa mankhwala aliwonse olembedwa. Mukadwala usiku imbani 111, nambala ya NHS yofunsira malangizo. 999 ndi ya moyo ukakhala pachiswe. Chachikulu kwa ife ochokera kwathu ndi ichi: thupi likatentha m'miyezi yoyambirira, kapena mutangobwerako kutchuthi, nenani msanga kuti mwachokera ku dziko la malungo ndipo mukufuna kuyezedwa magazi tsiku lomwelo. Madokotala akuno malungo sawaona kawirikawiri, akhoza kuyesa ndi chimfine.

Tsiku lopuma likukutherani chifukwa mukufuna kumaliza zonse kamodzi. Sankhani chinthu chimodzi cha mapepala, muchichite m'mawa, zogula zibwere pambuyo. Mu Disembala 4 koloko imakwana kutada kale, ndipo munthu amene wagwira mashifiti ataliatali sabata yonse sangatulukenso. Mukapatsidwa nthawi yokaonana ndi dokotala kapena a banki, fikani isanakwane. Mukachedwa pang'ono malo anu apita ndipo mudikiranso masiku. Maenvelopu a khaki ochokera kuboma atseguleni tsiku lomwe afika. Ndaona anthu akuunjika makalata pa firiji poopa Chingerezi cha m'katimo, kenako n'kulipira chindapusa pa nkhani yongofunika kuimba foni. Tsiku lotulutsa mabini muliona pa tsamba la pa intaneti la khonsolo mukalemba postcode ija, ndipo musasakanize zinyalala, chifukwa mikangano yambiri ya m'nyumba zogawana imayambira pamenepo.

Ngati muli ndi laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Malawi, imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala kuno. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku South Africa amangosinthitsa yawo, ife tiyenera kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu. Poti ntchito zambiri zosamalira anthu m'makomo zimafuna woyendetsa, ndipo mzere wa mayesowo ndi wautali, funsirani provisional licence, laisensi ya wophunzira, ku DVLA, ofesi ya boma ya malaisensi, malipiro oyamba akangolowa.