Geji ya oyilo kapena ya pa hedi? Dziwani kaye malo amene mukuyeza

Achimwene, mwati njinga yanu yamoto ilibe rediyeta, imazizira ndi mphepo basi, ndiye mukufunsa ngati muike geji yoyeza kutentha kwa oyilo kapena ya pa hedi (mutu wa injini), komanso nambala yoopsa ndi iti. Ndiyambe ndi za nambalazo, poti m'pamene anthu amakanganira pachabe. Wina amati yake imawerenga 95, mnzake amati 180, aliyense n'kumaona ngati winayo akunama. Onse akunena zoona, kungoti akuyeza malo osiyana.

Oyilo wa injini yomwe ili bwino amasewera pakati pa madigiri 80 ndi 110 Celsius. Akafika pa 100 mtima usagunde. Kutentha kumeneko n'kumene kumachotsa chinyezi cholowa mu oyilo, ndipo njinga yongoyenda timitunda tatifupi, oyilo osatentha mokwanira, ndi imene mumaipeza ndi thovu loyera kunsi kwa chotsekera oyilo. A Harley-Davidson, opanga njinga zamoto omwe injini zawo zambiri n'zozizira ndi mphepo, amati 110 ndi kutentha kwa masiku onse. Akadutsa 120, oyilo wa mineral amapyapyala n'kuyamba kutha mphamvu msanga. Wa synthetic amapirirako, koma nayenso akamayandikira 150, imani.

Hedi ndi ina. Kunsi kwa pulagi, 150 mpaka 200 si zachilendo, ndipo malire ake amasiyana malinga ndi injini. Chimene ndimaikondera geji ya pa hedi ndi changu chake. Mukayamba kukwera chitunda mutanyamula katundu, nambala imakwera nthawi yomweyo, mukapepuza dzanja imatsika. Oyilo amachedwa. Amatenga mphindi 15 kapena 20 kuti afike pa kutentha kwake, ndipo pamene geji yake izidzati zinthu zavuta, pisitoni imakhala itayamba kale kuzunzika. Ndiye ngati mukugula imodzi yokha, makamaka ngati munagwirapo kabuleta kapena kusintha ekizozi, tengani ya pa hedi. Ya oyilo imathandiza kwambiri woyenda maulendo aatali, amene akufuna kudziwa ngati oyilo wake akupirira.

Sensa ya pa hedi ndi kamphete kolowa kunsi kwa pulagi. Onani kukula kwa pulagi yanu musanagule, chifukwa zilipo za 10, 12 ndi 14 mm, ndipo pomanga samalani kuti waya wake usapotokole limodzi ndi pulagiyo. Za oyilo zilipo zolowa m'malo mwa dipusitiki, zina zimamangidwa pa bawuti yotsitsira oyilo. Ya pansiyo imawombedwa ndi mphepo, choncho imakonda kuwerenga motsikirapo. Kachipangizo ka infrared, koyeza kutentha pongokalozetsa pa chinthu, n'kabwino, koma pa chitsulo chonyezimira kamanama. Lozani pamalo akuda, ndipo pazikhala pomwepo nthawi zonse.

Chachikulu komabe ndi ichi: nambala ya njinga ya mnzanu isakusowetseni tulo. Mukamanga geji, yendani masiku angapo muli tcheru, mudziwe pamene njinga yanu imakhazikika pamsewu wosalala, pachitunda, ndi pamene magalimoto athithikana. Tsiku lina mukadzaona kuti msewu ndi womwewo, katundu yemweyo, nyengo yomweyo, koma yakwera ndi madigiri 20, pamenepo pali chimene chasintha m'kati, ngakhale nambalayo ikuoneka yabwinobwino kwa ena.

Nthawi zambiri chimakhala chakuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya. Jeti yatsekeka pang'ono, kapena labala wolumikiza kabuleta ndi injini wang'ambika ndipo akuba mpweya. Masulani pulagi muione: ikayera mbee, ndi zimenezo. China chimene ambiri saganizira ndi mavavu. Vavu ya ekizozi imataya kutentha kwake ikakhala pampando wake, ndiye mpata ukachepa sikhazikika bwino, mapeto ake imapsa. Onaninso matope omata pa mafini (zipsepse za pa injini zotayira kutentha), ndi mlingo wa oyilo. Tinjinga ta 125 kapena 150cc timanyamula oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye akaperewera pang'ono, wotsalayo amasenza kutentha konse yekha.

Kayendetsedwe nakonso. Kukokera chitunda pa giya yaikulu injini ikulira motsika, thirotolo mutatsegula yonse, kumatenthetsa kuposa kutsitsa giya n'kuisiya izungulire momasuka. Mukamva kulira kwa ngwi-ngwi ngati tizitsulo tikuombana m'kati, tsitsani giya msanga. Ndipo poti injiniyi imadalira mphepo yobwera poyenda, kuisiya ikulira chiimire kwa nthawi yaitali sikuipumitsa ayi. Mukaima pamalo kwa mphindi zingapo, zimitsani.

Ikatentha kwambiri musaithire madzi. Hedi ndi ya aluminiyamu, ikazizira modzidzimutsa imatha kupindika kapena kung'aluka. Ingoisiyani izizire yokha. Oyilo gwiritsani ntchito amene buku la njinga yanu likunena, kaya 10W-40 kaya 20W-50, wolembedwa JASO MA kapena MA2 ngati kilachi yanu imasambira mu oyilo yemweyo. Oil cooler, karediyeta koziziritsa oyilo, musathamangire. Muike pokhapokha geji itakuonetsani kuti oyilo akudutsadi 120 kawirikawiri, ndipo musankhe yokhala ndi thermostat, kachipangizo kolola oyilo kudutsamo akatentha basi, kuopa kuti nyengo yozizira oyilo azikanika kutentha mokwanira.