Ntchito ya staff writer ndi dipuloma ya kumudzi

Mchemwali wina wa ku Rosettenville wanditumizira imelo. Akuti ali ndi dipuloma ya utolankhani ya ku Malawi Institute of Journalism (MIJ) ku Blantyre, koma chibwerereni kuno ku Joni akugwira ntchito mu lesitilanti. Waona magazini ina ikufuna staff writer, ndiye akufunsa kuti munthu ameneyu amatani kwenikweni, komanso ngati pepala lake la kumudzi lingamulowetse.

Achemwali, staff writer ndi mlembi wapanyumba. Amalandira pakutha pa mwezi, amamudula msonkho wa PAYE ndi ndalama ya UIF (thumba lothandiza amene ntchito yawathera), ndipo ali ndi masiku atchuthi. Freelancer ndi waganyu: amalipidwa nkhani ikatuluka, kawirikawiri mowerengera mawu.

Koma malipiro apamweziwo amagula nthawi yanu yonse. M'mawa pamakhala msonkhano wa diary, aliyense amanena nkhani yomwe ali nayo, mkonzi n'kusankha. Mutha kubwera ndi nkhani yokoma ya amayi otumiza katundu kumudzi pa mabasi a ku Park Station, iye n'kukuuzani kuti muyambe mwapita kukhoti ku Randburg. Mupita basi. Pobwerera mukhala mukuimba mafoni, kulemba, kukonza zomwe sub-editor (wowongola nkhani isanasindikizidwe) wabweza, ndipo masiku ano kujambulanso kavidiyo pafoni. Kulembako ndi kachigawo kochepa. Nthawi yambiri imathera kudikira munthu amene analonjeza kuti akuimbirani.

Chomwe chimachotsetsa anthu ntchito si Chingerezi chopunduka ayi, chimenecho sub-editor amawongola. Ndi kulakwitsa mfundo. Press Code, yomwe ndi malamulo a atolankhani a kuno ku South Africa, imati munthu amene mukumudzudzula m'nkhani mumupatse mpata woyankha nkhaniyo isanatuluke, apo ayi akhoza kukadandaula kwa Press Ombud, amene amamva madandaulo okhudza nyuzipepala. Ine ndikuyamba kumene ndinaimbira munthu kamodzi, sanayankhe, n'kulemba kuti wakana kulankhula. Chipepeso chomwe tinasindikiza ndimachikumbukirabe mawu ndi mawu.

Tsono za mapepala. Zotsatsa ntchito zambiri zimati digiri kapena dipuloma ya utolankhani, ndipo olembetsa anzanu ambiri adzakhala ochokera ku mayunivesite a Wits kapena Rhodes. Zisakuopseni. Dipuloma yanu ipititseni ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, kuti aiyeze pa mulingo wa kuno, ndipo yambani msanga chifukwa zimatenga nthawi. Komabe akonzi omwe ndagwira nawo ntchito pepala amangoliyang'ana pang'ono. Amafuna kuona nkhani zomwe munalemba zikatuluka. Ngati munalembapo mu The Nation kapena The Daily Times, sankhani zisanu zabwino. Ambiri amaperekanso mayeso: akupatsani chikalata cha boma chotopetsa ndi ola limodzi kuti mutulutsemo nkhani.

Pepala lovuta ndi la ku Home Affairs. Popanda chilolezo chogwirira ntchito kampani siingakulembeni, ndipo mpaka mu 2024, pa chilolezo chotchedwa general work visa, inkayenera kuonetsa kuti inasowa nzika ya dziko lino yoti n'kugwira ntchitoyo. Pa ntchito yolemba, umboni umenewo unali wovuta kuupeza, ndipo pano malo akuchepa. Mu 2024 Media24 inasiya kusindikiza City Press ndi Daily Sun papepala, ndiye atolankhani odziwa ntchito ali mbwee kufunafuna malo omwewo.

Ngati mapepala anu a Home Affairs ali bwino, lembetsani. M'kalata yanu musabise kuti ndinu Mmalawi, chifukwa mphamvu yanu ili pomwepo. Nyuzipepala za kuno zimalemba za alendo pafupipafupi, za ku Lindela komwe amasungira alendo oti abwezedwe kwawo, za pa Beitbridge, koma ndi atolankhani angati amene angakhale pansi ndi mayi wa ku Mangochi n'kucheza naye m'chinenero chake? Ikanimo maganizo a nkhani zitatu zomwe mungalembe mwezi woyamba, ndipo pa iliyonse mutchule amene mudzamufunse.