Mabuku a mwana wa zaka 10 kuno ku Joni

Achemwali, mwafunsa za mabuku a nthano ndi a sayansi oti mwana wanu aziwerenga. Yambani ndi The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu. Lili m'Chingerezi, ndipo lilipo lina lofewetsedwa la ana. Mnyamata uja anapanga magetsi a mphepo ndi zidutswa za njinga atawerenga buku la ku laibulale. Wanga atalimaliza ndinamupeza pakhonde akumasula dayinamo ya njinga yakale, manja ali bii!

Nthano za Chichewa zaulere zili pa webusaiti ya African Storybook, mungawerenge pa foni. Loweruka lina mupite naye ku Sci-Bono, malo oonetsera zinthu za sayansi ku Newtown, akagwire yekha zimene wawerengazo.