Abambo asaike makina a CPAP m'sutikesi yaikulu

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mwati abambo anu amabanika kutulo, amagona ndi makina a CPAP (opopera mpweya kudzera m'paipi ndi masiki kuti njira ya mpweya isatsekeke), ndipo mwezi wamawa akukwera ndege ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Washington kukaona mng'ono wanu akumaliza sukulu. Chakusautsani n'choti tikiti ikuti chikwama cha m'manja ndi chimodzi cha makilogalamu 7, ndiye simukudziwa ngati makinawo awerengedwa ngati chikwama chachiwiri. Ndaonanso ena akukuuzani kuti mungowakulunga ndi zovala n'kuponya m'sutikesi yaikulu. Chonde, zimenezo ayi.

Ine ndagona ndi makinawa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nzeru imeneyo ndinaiyesapo kamodzi kokha. Ndinkabwera kumudzi ku ukwati wa mphwanga, ndinawaika pakati pa masuti ndi nsapato za mphatso. Ine ndinafika, sutikesi inatsala kumene tinasinthira ndege. Inabwera patapita masiku atatu. Usiku utatu umenewo ndinkadzidzimuka ngati wina wandigwira pakhosi, m'mawa mutu ukuwawa ngati ndamwa kachasu, ndipo m'tchalitchi ndinasinza mpaka mlamu wanga anandigunda ndi chigongono chifukwa mkonono unayamba kupikisana ndi kwaya. Sutikesi imatsala, imaponyedwa, imanyowa ndi mvula pa bwalo la ndege. Malaya mukhoza kubwereka kwa achibale, koma makina awa ku America sagulitsa popanda kalata ya dokotala.

Tsopano za lamulo. Ku America kuli lamulo la 1986 lotchedwa Air Carrier Access Act, loteteza anthu olumala ndi odwala pa maulendo a pandege. Malamulo ake amati chipangizo chothandiza munthu pa matenda kapena ulumali wake sichiwerengedwa pa katundu wa m'manja, ndipo CPAP ili m'gulu limenelo. Limagwiranso makampani a ndege a mayiko ena, bola ndegeyo ikunyamuka kapena kutera pa bwalo la ku America. Ndiye kuchokera ku Addis kupita ku Washington, ndi pobwerera, abambo ali ndi ufulu wonyamula kachikwama ka makina pambali pa chikwama chawo cha makilogalamu 7, osalipira kanthu.

Pamene pafunika kusamala ndi pa ndege yoyamba ija, ya ku Kamuzu kukafika ku Addis. Imeneyo siyamba kapena kuthera ku America, choncho lamulo lija siliikhudza. Pamenepo chimagwira ntchito ndi ndondomeko ya kampaniyo. Makampani ambiri akuluakulu amalola ndithu, koma musadalire zoti "anthu akuti amalola." Lemberani imelo kampani imene mwagulako tikiti, kapena pitani ku ofesi yawo, muwauze kuti abambo ayenda ndi CPAP, alembe pa buking'i yawo, ndipo yankho lawo mulisindikize pa pepala. Wolandira katundu pa kauntala mwina sanawaonepo makinawa chibadwire. Kukangana naye mzere uli wautali kumbuyo kwanu sikuthandiza, pepala lochokera ku kampani yake yomwe ndi limene limathetsa nkhani.

Koma pali chinthu chimene ife Amalawi timadziwonongera tokha. Ufulu umenewu ndi wa chikwama chimene muli za chipatala zokhazokha: makina, paipi, masiki, chingwe cha magetsi, mankhwala. Tikangoona kampata m'mbali timayamba kufinyiramo. Botolo la Nali, paketi ya tiyi wa Chombe, chitenje cha apongozi, usipa wokulunga m'nyuzi. Akatsegula n'kupeza zimenezo, chasanduka chikwama wamba, ndipo akhoza kuchiwerenga ngati chachiwiri. Komanso taganizani, mpweya umene abambo apume usiku wonse uzidutsa m'paipi imene yagona ndi usipa maola makumi awiri. Auzeni amayi mwaulemu kuti kachikwama aka kokha asakakhudze.

Kalata ya dokotala atenge, ya m'Chingerezi, yonena matenda awo, dzina la makina ndi mphamvu ya mpweya imene anawaikira. Nthawi zambiri safunsa n'komwe, yanga yatha m'mapindiro osaonetsedwa, koma tsiku limene adzafunse mudzaithokoza. Ngati makinawo ndi a ResMed, monga AirSense 10 kapena 11, kampaniyo ili ndi kalata pa intaneti yotsimikiza kuti ndi ololedwa m'ndege. Isindikizeni muiphatikize.

Popimitsa katundu, makamaka ku America kwa a TSA, achitetezo a pa mabwalo a ndege, amafuna makinawo atulutsidwe m'chikwama chake adutse okha m'thireyi. Paipi ndi masiki zikhoza kutsala m'kati. Mathireyi amenewo mumadutsa katundu wa anthu a dziko lonse, ndiye ine ndimatenga jumbo yoonekera m'kati, yoyera bwino, n'kuikamo makina ndisanafike pa mzere. Nthawi zina amawapukuta ndi kansalu n'kukapima ngati pali zophulika. Abambo asadandaule, sikuti awaganizira zoipa, amatero kwa aliyense.

Funso limene simunafunse koma ndi lalikulu: kodi akufuna kuwagwiritsa ntchito m'ndegemo, kapena kungowanyamula? Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kunyamula chabe n'kosavuta. Kuyatsa m'ndege, kampani ili ndi ufulu wofuna kuti muidziwitse kusanatsale maola 48, ndiponso kuti mukhale ndi mabatire okwana nthawi ya ulendo n'kuonjezapo theka lake. Ndiye kuti ulendo wa maola 16 ufuna mabatire a maola 24. Soketi ya pa mpando musaiwerengere, ina sigwira ntchito, ina imazima makina akangoyamba kukoka moto. Ndipo mabatire a lithiamu ali ndi malire ake: osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire imasunga) amaloledwa popanda kupempha, kuyambira pamenepo mpaka 160 Wh pafunika chilolezo cha kampani ndipo apadera asapose awiri, oposa apo sakwera n'komwe. Mabatire apadera amayenda m'manja basi, m'sutikesi yaikulu n'koletsedwa chifukwa akayaka kunsi kwa ndege palibe wozimitsa. Ngati pa batire palembedwa muyeso wina wa mAh wokha, kuti mupeze Wh chulukitsani nambalayo ndi mavoti n'kugawa ndi 1000: pawa banki ya 20,000 mAh pa mavoti 3.7 ndi 74 Wh. Ndikunena izi chifukwa ambiri kwathu tili ndi mabatire akuluakulu othandizira usiku magetsi akathima. Amenewo ambiri amaposa malire, asiyeni kunyumba, angakakulandeni.

Maganizo anga, ine sindiyatsa m'ndege. Munthu ukakhala tsonga pa mpando njira ya mpweya sitsekeka kwambiri ngati utagona chagada, ndipo usiku umodzi ndimapirira. Ndimangopewa mowa ndi mapilitsi ogonetsa, chifukwa zimenezo zimalefula minofu ya kukhosi, kubanika n'kuwonjezeka. Koma awa ndi maganizo a wodwala mnzawo. Ngati abambo ali ndi vuto la mtima kapena kubanika kwawo ndi kwakukulu, afunse dokotala wawo asananyamuke, ndipo akati ayatse, ayatse popanda madzi m'kathanki ka makinawo kamene kamanyowetsa mpweya. Chotenthetsa madzi a m'kathankimo ndi chimene chimadya batire, komanso ndege ikagwedezeka madzi amalowa m'makina.

Za magetsi a kumeneko musavutike kugula thiransifoma. Tembenuzani adaputa ya makinawo muwerenge, mupeza palembedwa 100–240V. Ndiye kuti mavoti 230 a kwathu ndi 120 a ku America onse amalandira. Chosiyana ndi pulagi yokha: yathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain, ya kumeneko ndi ya mano awiri aphwatalala. Kogwirizanitsa kake n'kotchipa, mng'ono wanu agule kawapeze. Awonenso ngati soketi ili pafupi ndi bedi, apo ayi pafunika chingwe chowonjezera. Madzi a distilled, oyeretsedwa mwapadera othira m'kathanki, asanyamule kuchokera kuno, ku America amapezeka m'masitolo a zakudya ndi m'mafamase m'zigubu zazikulu. Akasowa usiku woyamba, madzi akumwa a m'botolo akwana, amangosiya zoyera pansi pa kathanki zimene zimachoka ndi viniga.

Polowa m'ndege, ngati malo a pamwamba adzaza ndipo ogwira ntchito ayamba kutolera zikwama kuti zipite kunsi, abambo asangopereka chifukwa cha ulemu, mukudziwa m'mene akuluakulu athu amachitira akaona yunifolomu. Anene mawu awiri okha, "medical device," kutanthauza chipangizo cha chipatala, ndipo akalowetse kachikwamako pansi pa mpando wa kutsogolo kwawo. Kamakwana bwinobwino, makina enieniwo amangoposa kilogalamu imodzi pang'ono.

Ndipo m'mawa wa tsiku la ulendo, inuyo achemwali mukhuthule kathanki ka madzi ndi manja anu, mukapukute, mukasiye pa tebulo kaume pamene abambo akusamba. Tsiku limenelo m'nyumba mumakhala piringupiringu, wina akufuna pasipoti, wina akupemphera, galimoto ikuliza hutala panja, ndipo wolongedza mothamanga amanyamula makina ndi madzi ake omwe. Akapendekeka m'galimoto pa msewu wa ku Lumbadzi, madziwo apita ku injini, ndipo mudzadziwa usiku woyamba ku Washington abambo akadzakanikiza batani.