Penti Yalowa Pansi pa Tepi pa Galasi la Zero: Chalakwika N'chiyani?

Wowerenga wina watumiza imelo. Akumanga kandege ka pulasitiki ka Mitsubishi A6M2 Zero ka kampani ya Tamiya, ka sikelo ya 1/72, ndipo wafika pa canopy, galasi lija la pulasitiki yoonekera lovindikira malo a woyendetsa. Akuti anamata tepi n'kupenta mafelemu, timizere tija tolekanitsa timawindo, koma pomatula anapeza penti yalowerera m'makona a timawindo, kwinaku galasi layera ngati chifunga chakumunsi. Akufunsa chomwe chalakwika, ndiponso ngati galasilo lingapulumuke.

Achimwene, mwayambira pa ndege yovuta. Spitfire ili ndi mafelemu owerengeka, pamene Zero ili ndi timawindo tambirimbiri, kena kochepa kuposa chikhadabo, ndipo kona iliyonse ndi khomo lolowera penti. Mavuto anu awiriwa magwero ake ndi osiyana.

Chifungacho n'chosavuta kufotokoza: ndi guluu. Super glue akamauma amatulutsa mpweya umene umakakamira pa galasi n'kusiya zoyera, makamaka pamene pali mafuta a zala. Guluu wosungunula pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin, ndiye woipa kwambiri, chifukwa amayenda yekha pansi pa tepi n'kudya galasi. Matirani canopy ndi guluu woyera wa PVA, uja wa akalipentala, kapena Micro Kristal Klear. Timadontho tinayi kapena tisanu toika ndi kamtengo kotokosera m'mano tikwanira, ndipo wosefukira mumapukuta ndi thonje lonyowa asanaume.

Nkhani yaikulu ili pa tepi. Tepi ya m'mahadiweya ndi yokhuthala, sigonja pokhota, ndipo imasiya zomatamata. Pezani tepi yachikasu ya Tamiya ya 6 mm kapena 10 mm, ndi lumo latsopano la nambala 11. Latsopanodi, osati limene mwadulira zigawo zina. Lumo lobuntha silidula koma limakoka, m'mphepete mwa tepi mumachita manyanthenyanthe, ndipo penti imadzera momwemo. Matani kachidutswa pa windo limodzi, kanikizani ndi kamtengo kaja motsata felemu mpaka mzere wake uoneke pa tepipo, kenaka yendetsani lumo osalemeretsa dzanja. Mukaika tochi kuseri kwa galasi, mzerewo umaoneka bwino. Pamene felemu siinatukuke mokwanira kuti itsogolere lumo, musadulire pagalasi. Matani tepi pa galasi wamba lathyathyathya kapena thailosi, dulani timizere ta 1 mm, zungulizani windo ndi timizereto, pakati n'kutseka ndi tizidutswa. Zimadya madzulo onse, koma lumo silifika pa canopy. Ngati thumba likulola, a kampani ya Eduard amagulitsa tepi yodulidwa kale ya ndege zambiri, ndipo pa galasi ngati la Zero ndalama yake siipita pachabe.

Musanapopere, bwerezani kukanikiza m'mphepete monse, makamaka m'makona, chifukwa tepi ikagona usiku imadzuka pang'ono. Kenaka poperani vanishi wonyezimira wopyapyala. Ngati pali kampata, vanishiyo ndi amene alowemo n'kukatseka, ndipo poti alibe mtundu saoneka.

Pa penti pali chinthu chimene ambiri amaiwala. Galasi limaonetsa zamkati, choncho penti yoyamba kugwa pa felemu ndi imene munthu amaiona akasuzumira mkati mwa ndege. Yambani ndi mtundu wa m'kati, womwe pa Zero ndi wobiriwira uja wa penti ya Tamiya ya XF-71, uume, kenaka mtundu wa kunja, XF-76 ngati mukupanga Zero ya 1941. Kuyamba ndi wa m'kati kumathandizanso kuti felemu isaonekere kuwala mukaiyang'anitsa padzuwa. Pa airbrush, kachipangizo kopopera penti, ikani mphamvu ya mphepo pa pafupifupi 15 psi, muziwaza mopyapyala katatu, penti izifika yotsala pang'ono kuuma, ndipo muzilozetsa molunjika, osati chopendekera kukamwa kwa tepi. Penti ikachita thamanda yalowa basi. Ndi burashi n'chimodzimodzi: penti pang'ono, kukoka kuchokera pa tepi kupita pa felemu.

Tepi imachoka pomaliza penipeni, mutapopera kale vanishi wosanyezimira, chifukwa vanishi ameneyu akagwa pa galasi limachita mbuu. Koma musaisiye milungu. Penti ikalimbitsitsa imathetheka pomatula, ndiye yambani mwadutsitsa lumo mopepuka m'mphepete, tukulani kona ndi kamtengo, kokerani tepi chakumbuyo moigoneka.

Nanga galasi lanu lija? Ngati penti ndi ya acrylic, songolani kamtengo kotokosera m'mano kakhale ngati tchizulo, kanyowetseni, n'kupala pang'onopang'ono. Mtengo ndi wofewa, sukanda galasi. Musayerekeze kuthira thinara ya lacquer kapena acetone, pulasitiki yoonekera imang'aluka timing'alu tosachiritsika. Zoyera za super glue nthawi zambiri zimakhala pamwamba chabe, ndipo mukachotsa canopy pa ndegeyo zimatha ndi Tamiya Polishing Compound pa kansalu kofewa. Ngati guluu anadya pulasitiki, khulani ndi sandipepa yosalala kwambiri ya Micro-Mesh yonyowa kuyambira nambala 3200 kukwera mpaka 12000, osadumpha nambala. Galasi liyamba layera kuposa poyamba, musataye mtima, kuwala kumabwerera cha kumapeto.

Mukatero, livikeni mu polishi wa acrylic uja omanga tindegeti amamutchabe Future kapena Klear, kapena mu Gauzy Glass Coat wa kampani ya AK. Gwedezani dontho lotsala, gusitsani m'mphepete pa tishu, vindikirani ndi kapu kuti fumbi lisagwepo, lisiyeni maola 24 musanamate tepi. Chenjezo limodzi: Maskol wa Humbrol, mankhwala amadzi aja otsekera pakati pa windo, ali ndi ammonia, ndipo ammonia amasungunula Future. Galasi loviikidwa litsekeni ndi tepi yokha.